Ntchito yopepuka yomwe ikuwalemera alamu anga

Anthu ambiri akamva zoti wakutiwakuti amagwira ntchito ku yunivesite, amaganiza za mphunzitsi wa tayi ali m'kalasi ku Zomba kapena ku Bunda. Kuno ku chigwa cha Shire nyumba zazitali zophunziriramo zotero kulibe, koma antchito a yunivesite tili nawo. Malungo, likodzo, kolera ndi madzi osefukira zakhala zikukoka anthu a kafukufuku kwa zaka zambiri, ndiye pa boma la Chikwawa ndi m'madera ena muli timaofesi ta mapulojekiti. Mmenemo mupezamo madalaivala, oyeza magazi, otchera udzudzu usiku, oyenda m'midzi kufunsa anthu mafunso, alonda ndi ophika tiyi. Makalata awo a ntchito ali ndi chidindo cha yunivesite, koma bwana wosainayo amakhala kumtunda, ndipo ambiri nkhope yake sakuidziwa.

Alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, ndi m'modzi mwa anthu amenewa. Ineyo ndinagwirapo ntchito pa ofesi yomweyo ngati kalaliki wolowetsa mafomu mu kompyuta, choncho nkhaniyi ndinaionera konsekonse, ku ofesi ndi pakhonde pa nyumba yawo.

Anali dalaivala. Ndikati dalaivala musaganize za munthu wongopondaponda mafuta. M'mamawa kusanache amakhala atakweza kale bokosi lozizira la magazi oyezedwa, kuwoloka mlatho wa Kamuzu, kudutsa pa Thabwa, n'kuyamba kukwera phiri lija la makona osatha kuti magaziwo akafike ku labu ku Blantyre asanawonongeke. Tsiku lina ulendo umakhala wa ku Chapananga, lina wa ku East Bank, lina wa kumunsi ku Ngabu ndi Bangula. Amadziwa kuti mvula ikagwa kumapiri mtsinje wa Mwanza udzaza nthawi yanji ngakhale kuno kutakhala kuti sikunagwe ndi dontho lomwe. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, madokotala a digiri zitatu amadikira kuti iwo anene kaye njira yodzera. Chinanso, amalankhula Chisena ndi Chimang'anja, amadziwa kuti kwa mfumu yakuti sufika chimanjamanja, ndipo mayi akakana kuti mwana wake atengedwe magazi, nthawi zambiri amene amakhala naye pansi n'kumufotokozera modekha anali iwowo. Pa pepala la malipiro zonsezi panalibe. Panangolembedwa kuti dalaivala.

Shuga anawabwerera mwakachetechete. Ludzu losatha ndi kukodzakodza ndi zizindikiro zodziwika, koma ndani angadabwe ndi ludzu mu Okutobala ku Nchalo, dzuwa likupitirira madigiri 40? Aliyense amamwa madzi ngati ng'ombe nthawi imeneyo. Chomwe chinawaulula ndi maso. Magetsi a malole otenga shuga wa ku Nchalo anayamba kuwathobwa usiku, msewu n'kumaoneka mbuu. Madzulo ena akutsika phiri anakhudza mwala wa m'mbali mwa msewu pa kona, tayala n'kuphulika. Palibe anavulala. Kuchipatala anawauza kuti shuga wawononga timitsempha ta magazi ta kuseri kwa diso, ndipo dokotala analemba kalata yoti asamayendetsenso galimoto maulendo aatali kapena usiku.

Kalata ya dokotalayo ine sinditsutsana nayo ngakhale pang'ono, ndipo iwonso satsutsana nayo. Munthu wosaona bwino sangatsike phiri limene lija atanyamula miyoyo ya anzake. Vuto langa lili pa zomwe zinatsatira.

Kuchokera kumtunda kunabwera kalata ina ya ndime ziwiri. Inati poganizira za umoyo wawo, asamutsidwira mu ofesi ngati wothandizira ntchito zosiyanasiyana, ndipo malipiro awo sasintha. Basi. Palibe anatsika phiri kudzakhala nawo pansi. Palibe anafunsa kuti, kodi bambo, inuyo mukuona kuti mungathe chiyani? Makiyi a Land Cruiser anapereka kwa mnyamata amene anamuphunzitsa okha kuwoloka mchenga wa mumtsinje osatitimira. Iwo anapatsidwa mpando wa pulasitiki pafupi ndi makina a fotokope.

Tsiku lawo linakhala lotere. Kufika mamawa, kupukuta tebulo lomwe mayi woyeretsa wapukuta kale, kudikira. Wina akabwera ndi mafomu opempha chilolezo kwa makolo, kuwapanga fotokope, kuwamenya sitepula, kudikiranso. Zilembo zing'onozing'ono za pa mafomuwo sizioneka bwino ndi maso awo aja, ndiye nthawi zina masamba amasokonezeka, wina n'kudandaula. Cha m'ma 10 koloko, kutumidwa mandasi ku Dyeratu, mandasi omwe iwo saloledwa kudya. Galimoto ikamanyamuka panja, amaimva kulira kwake n'kudziwa kuti mnyamata uja wachedwa kusintha giya, koma sanena kanthu. Zili ngati ng'ombe yokoka ngolo imene waimasula pagoli chifukwa yavulala mwendo, koma n'kuimangirira pamtengo wa m'mbali mwa msewu womwewo kuti iziona zinzake zikudutsa.

Ndiye pali nkhani ya ndalama, imene a ku ofesi yaikulu amaiona ngati yatha chifukwa analemba kuti malipiro sasintha. Aliyense amene wagwirapo ntchito ya pulojekiti akudziwa kuti dalaivala sadalira malipiro a pamwezi okha. Pali alawansi ya nkhomaliro akapita kumidzi, pali ya kogona akagona kunja. Timeneti ndi tomwe timalipira fizi ya mwana wa ku sekondale, kugula feteleza wa kudimba, kutumiza kangachepe kwa mayi okalamba ku Nsanje. Tsiku lomwe anapereka makiyi, zonsezi zinauma. Ndipo zinauma pa nthawi yoipa, pakuti mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya zinthu n'kuthawa. Kwinaku matenda akufuna zawo: timapepala toyezera shuga pa chala, minibasi yopita ku Blantyre kukaonana ndi a maso, chakudya chosankha. Achemwali anabwerera ku nsima ya mapira ndi mchewere, zomwe kuno n'zachizolowezi, koma ndiwo zamasamba ndi nsomba tsiku lililonse sizibwera zokha. Banki m'khonde italephera, anafika kwa a katapila. Mwamuna yemwe kale anali wokongoza anzake ndalama.

Koma mukawafunsa alamu chomwe chimawapweteka kwenikweni, sayamba ndi ndalama. Amayamba ndi pakamwa pa anthu.

Pa ofesi palibe amene anawanyoza poyera. Zimabwera ngati nthabwala. "Apatseni madala, angokhala." "Koma madala inu ndiye mwalemera, kulandira za ulele mutakhala pamthunzi." Wonenayo amaseka, iwonso amaseka nawo, chifukwa ukapanda kuseka akuti wakwiya. Mesenjala amene analipo kale anayamba kuwaona ndi diso lina, poganiza kuti abwera kudzamulanda ntchito, ndipo sindimuda, nayenso ali ndi ana. Ena amanong'ona kuti matenda ake si shuga ayi, pali china chimene akubisa. Inu mukudziwa chimene anthu amatanthauza akatero munthu akayamba kuonda.

Kumudzi nako anali munthu. Mayi woyembekezera akavutika usiku, anthu amagogoda kwa "a Dalaivala" kuti mwina aimbire foni bwana apemphe galimoto. Pa maliro amakhala nawo pa gulu la okonza za mayendedwe. Atasiya kuyendetsa, kwa miyezi ndithu anapitiriza kudzuka m'bandakucha, kuvala malaya a yunifolomu, kutuluka pa nthawi yomwe ija ya kale, ngakhale kuti ofesi imatsegulidwa dzuwa litakwera. Amakakhala pa benchi ya mlonda mpaka anthu afike. Achemwali atawafunsa kuti, "Bambo a ana, mukukatani kumeneko mdima uno?" anangoti, "Mukufuna aneba adziwe kuti ndine wogula mandasi?"

Tulo tinatha. Izi zinatenga nthawi kuti zioneke, chifukwa kuno nthawi yotentha tonse timayala mphasa panja n'kumagubuduka mpaka pakati pa usiku. Koma achemwali amati akadzidzimuka tambala woyamba asanalire, amawapeza ali tsonga, atatsamira khoma, akuwerenga zala. Anayamba kupsa mtima ndi tinthu tating'ono, wailesi ikakwera pang'ono, mwana akagwetsa kapu. Kutchalitchi anasiya kwaya ya abambo. Ndipo shuga, yemwe amayenera kutsika popeza tsopano akupuma ndi kumwa mankhwala mwandondomeko, anayamba kukwera. BP nayo inabwera.

Dokotala wina wachinyamata ndi amene anawauza zoona. Anati munthu akakhala ndi nkhawa masiku ambiri, thupi limatulutsa michere yokonzekeretsa munthu kuthawa kapena kumenyana, ndipo michere imeneyi imauza chiwindi kuti chitulutse shuga wambiri m'magazi, imathamangitsanso mtima. Kusagona kumawonjezera moto. Ndiye mapiritsi akukokera uku, maganizo akukokera uko. Anawafunsa kuti, "Bambo, kunyumba kuli bwino? Nanga kuntchito?" Iwo anayankha kuti konse kuli bwino, anandichitira chifundo sanandichotse.

Yankho limeneli ndi limene limanditsamwitsa. Munthu wosamutsidwa ntchito chifukwa cha matenda saloledwa kudandaula. Akangotsegula pakamwa, onse timamutseka ndi mawu amodzi: bola ntchito sinathe. Ndipo n'zoona, m'dziko muno momwe achinyamata a madigiri akugulitsa mayunitsi pamsika, kukhala pa ntchito ndi mwayi. Koma kodi munthu akapulumuka ku chinthu choipitsitsa ndiye kuti chomwe wagweramo sichipweteka? Alamu amayenera kuthokoza m'mawa, kuthokoza masana, kwinaku akuwola m'kati. Mwamuna salira, amatero akuluakulu, ndipo apolisi akamalengeza chiwerengero cha anthu odzipha chaka ndi chaka, ambiri amakhala abambo. Sindikunena kuti alamu anafika pamenepo. Ndikungoti achemwali anasiya kusunga mankhwala ophera tizilombo ta thonje m'nyumba, anakawasiya kwathu, ndipo sanandiuze chifukwa.

Lamulo lilipo ndithu. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 limati munthu amene wagwira ntchito miyezi 12 mosadukiza ali ndi ufulu wa tchuthi cha matenda cha masabata anayi akulandira malipiro onse, ndi masabata asanu ndi atatu akulandira theka, chaka chilichonse, bola pakhale kalata ya dokotala. Limatinso kujomba kwa kanthawi chifukwa cha matenda si chifukwa chochotsera munthu ntchito. Wolakwiridwa atha kupita ku ofesi ya za ntchito pa boma, zikakanika n'kukafika ku khoti loona za milandu ya apantchito ku Blantyre. Koma alamu akanapita kumeneko akanakanena kuti chiyani? Sanachotsedwe. Malipiro sanadulidwe. Palibe ndime imene yathyoledwa. Lamulo limateteza dzina lako pa mndandanda wa malipiro, koma silifunsa kuti kuyambira 8 koloko mpaka 5 koloko ukuchita chiyani, kapena ngati madzulo ukubwerera kwanu uli munthu.

Si iwo okha. Pa ofesi yomweyo panali mayi wina katswiri woyeza malungo, amene amatha tsiku lonse atawerama pa makina oonera tizilombo m'magazi. Khosi ndi msana zitamukana, anamuika pa tebulo lolandirira alendo. Makina atsopano atabwera, anzake anapita ku maphunziro ku Blantyre, iye dzina lake panalibe, chifukwa "si wa ku labu tsopano". Nkhawa yake inali yoti luso likumuthawa m'manja, ndipo tsiku lomwe adzachire adzapeza malo ake atadzaza. Anadzasiya yekha ntchito.

Pamwamba pa zonsezi pali mantha a kontrakiti. Antchito a mapulojekiti ambiri amalembedwa kwa chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo ndalama zimachokera kwa opereka thandizo a kunja. Boma la America litaimitsa thandizo lake mu Januwale 2025, m'maofesi ambiri a zaumoyo ndi kafukufuku anthu anayamba kuyang'anana. Bajeti ya pulojekiti imakhala ndi mzere wa dalaivala, mzere wa woyeza magazi, mzere wa mlonda. Mzere wa "wothandizira ntchito zosiyanasiyana" ndi uti? Wosamutsidwa amadziwa kuti mpeni ukadzabwera udzayambira pa iye, ndipo sipadzakhala wonena kuti achotsedwa chifukwa cha matenda. Adzangoti ndalama zachepa. Ndaonanso kuti mphunzitsi wamkulu wa ku yunivesite akadwala, anzake amamuchepetsera makalasi, ulemu wake n'kukhalabe pomwepo, chifukwa okonza zinthuwo ndi anzake omwa nawo tiyi. Wa kumunsi kuno amangolandira envelopu.

Ndisawaunjikire zonse mabwana. Mtsikana amene amayang'anira ofesi ya kuno ndi wamng'ono kwa alamu, akhoza kukhala mwana wawo. Nayenso zimamuvuta. Anandiuzapo kuti amachita manyazi kutuma bambo wamkulu ngati ameneyo kuti akagule mandasi, ndiye nthawi zina amangowasiya osawapatsa chilichonse, poganiza kuti akuwalemekeza. Sadziwa kuti kukhala osatumidwa kumawapweteka kuposa kutumidwa. Mphamvu yosintha kalata ya kumtunda alibe. Maphunziro a momwe ungasamalire wantchito wodwala sanalandirepo. Anaphunzira za udzudzu, osati izi.

Chomwe chimandidabwitsa n'chakuti awa ndi malo a anthu ophunzira, omwe ntchito yawo ndi kufunsa mafunso. Amatha kutumiza gulu lonse ku mudzi wa kuseri kwa Majete kukafunsa mayi kuti usiku wathawu mwana wake anagona m'masikito kapena ayi, n'kulemba yankho lake mosamala, n'kulisunga mu kompyuta. Koma bambo amene wawayendetsa zaka zonsezi sanamufunse funso ndi limodzi lomwe. Akanafunsa, akanamva kuti maso ndi amene afooka, mutu uli bwinobwino. Munthuyu atha kukonza ndondomeko ya maulendo a galimoto zonse, kudziwa kuti iyi ipite kuti ndi mafuta ochuluka bwanji, makamaka mafuta akamasowa pa mafilingi siteshoni. Atha kumva ndi khutu kuti galimoto yakuti ikufunika kugalaja. Atha kuphunzitsa madalaivala atsopano. Atha kukwera kumpando wa pambali n'kukhala wolankhula ndi mafumu, ntchito imene amaichita kale mwaulere. Zonsezi sizifuna kuwerenga tizilembo ta pa fomu. Akanatha kuwauzanso kuti pakatha miyezi yakuti tidzakhalanso pansi tione momwe zikuyendera, kuti munthu asamaone ngati watayidwa ku dzala mpaka kalekale. Za alawansi, ngakhale kungovomereza pakamwa kuti tikudziwa kuti thumba lanu lachepa, kukanakhala kanthu.

Za uphungu ndiye zovuta. Anthu akamva za chithandizo cha maganizo amaganiza za chipatala cha ku Zomba, kapena St John of God ku Mzuzu ndi Lilongwe, ndipo amati kumeneko n'kwa amisala. Pa zipatala za boma za m'maboma pamakhala anamwino oona za matenda a maganizo, koma kuti bambo wa msinkhu wa alamu akaime pa khomo limenelo anthu akuona, mungachite kumukoka ndi chingwe. Amene anawathandiza ndi mkulu wa mpingo wina, yemwe kale anali dalaivala wa mathirakitala m'minda ya nzimbe mpaka msana unamuletsa. Ameneyo sanawauze kuti athokoze. Anangobwera Loweruka lina, anakhala nawo pansi pa mtengo wa nimu, n'kuyamba kusimba za iye mwini, momwe ankalotera akuyendetsa thirakitala zaka zitapita. Achemwali akuti tsiku limenelo anamva amuna awo akulankhula kwa nthawi yaitali koyamba chichokereni pa galimoto.

Ine ndinachita kulimba mtima n'kukalankhula ndi mtsikana wa ku ofesi uja, popeza tinkagwirizana. Sanalonjeze kanthu, koma patapita masiku anawaitana n'kuwapatsa buku lolembamo maulendo ndi mafuta a galimoto zonse. Anawagulira kope la mizere ikuluikulu ndi cholembera chakuda kwambiri. Anati, "Bambo, galimoto isatuluke pageti musanaione inuyo." Tsopano m'mamawa amazungulira galimoto iliyonse, kugogoda matayala, kusuzumira madzi ndi oyilo, kukalipira anyamata akapeza jeke palibe. Sabata yatha anakaniza galimoto kupita ku East Bank chifukwa tayala la kumbuyo linali litadyeka mbali imodzi, ndipo dokotala wochokera ku Blantyre anachita kudikira mpaka lisinthidwe. Alamu anafika kunyumba akusimba nkhaniyo mokweza. Tulo tayamba kubwerako, ngakhale ngongole ya katapila ikadalipo.

Koma zonsezi ndi zapakamwa chabe, mgwirizano wa anthu awiri. Mtsikanayo akadzasamutsidwa, wobwerayo adzatsegula faelo n'kupeza kalata ya ndime ziwiri ija. Kontrakiti yawo ikutha mu Disembala, ndipo fomu yopempha ina yabwera kale. Ili ndi mzere wofunsa udindo womwe munthu ali nawo panopa. Achemwali akuti alembe dalaivala, popeza ndiyo ntchito imene analembedwera. Mtsikana wa ku ofesi akuti alembe zomwe zili pa kalata, kuopa kuti kumtunda angaibweze. Alamu akufuna kulemba woyang'anira galimoto, udindo womwe pa bajeti palibe. Anandiimbira foni dzulo kuti, "Alamu, inu munagwirako m'maofesimu, tabwerani Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi mudzandithandize kulemba kalata yoperekeza fomuyi, ndikufuna akadziwe zomwe ndikuchita kuno." Ndawauza kuti asonkhanitse makope onse a maulendo ndi malisiti a mafuta, tikaphatikize pomwepo.